Kuyimbira Basketball ya Ana Koyamba: Maso Anu Akhale Pati?

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikulankhula ndi inu amene mwangopatsidwa wezulo kuti muyimbire masewero a basketball a ana, mwina pabwalo la simenti la pasukulu, ndipo nkhani yathu ndi ya maso. Woyimbira watsopano amatsatira mpira ngati wodzaonerera, pamene faulo yeniyeni imaoneka bwino munthu ukamayang'ana mwana amene akutchinga.

Tiyambe ndi poima. Oyimbira akakhala awiri, m'modzi amatchedwa lead, ndipo amaima kunja kwa mzere wa kumapeto kwa bwalo, kumbuyo kwa golo, n'kumaona zokankhana zimene zikuchitika pansi pa ring. Mnzake ndi trail, amene amatsalira kumbuyo kwa osewera n'kumayang'anira amene ali kutali ndi golo. Nonse mukamayang'ana mpira nthawi imodzi, ana asanu ndi atatu enawo atsala opanda woyimbira.

Tsopano taganizirani chithunzi ichi. Mtsikana wa jezi yofiira waponda pansi ndi mapazi onse awiri, wayang'anizana ndi amene akubwera ndi mpira, ndipo wa mpirayo wamugunda pachifuwa. Malinga ndi malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, olakwa ndi wa mpirayo, chifukwa mnzakeyo anafika kale pamalopo, ndipo amaloledwa ngakhale kusunthira cham'mbali kapena cham'mbuyo osataya ufulu wakewo. Akanakhala kuti wafika mochedwa n'kutsekereza ndi chiuno kapena phewa, faulo ikanakhala yake. Ngati maso anu anali pa mpira, mungomva phokoso n'kuona mwana ali pansi, kenako mungolota.

Amene munazolowera ntchemberembaye muchenjere apa, pakuti kumeneko wotchinga amayenera kutalikira masentimita 90, koma mu basketball lamulo limenelo kulibe, ndipo si kukhudzana kulikonse kumene kuli faulo.

Mukaimba wezulo, dzanja likwere nthawi yomweyo: chibakera ngati ili faulo, chikhatho chotambasula ngati kuli kulakwitsa kwina, monga kuyenda ndi mpira osaugunditsa pansi kapena kukhala masekondi opitirira 3 m'chigawo cha pansi pa golo. Faulo muipereke kutebulo la olemba mutaima, osati mukuthamanga, ndipo muonetse nambala ya jezi, mtundu wa faulo, ndi ma free throw (mipira yoponya ku ring popanda wotchinga) ngati alipo. Musachite zimenezi mwachidule, chifukwa mwana akafika mafaulo 5 amatuluka m'masewero, ndipo olemba patebulo nthawi zambiri amakhala ana asukulu anzawo, amene amalemba zimene aona basi.

Nkhani yovuta ndi ya ana aang'ono kwambiri, aja amasewera pa ring yotsitsidwa kufika mamita 2.60 m'malo mwa 3.05. Mukati muimbe wezulo pa phazi lililonse lotsetsereka, masewero sangayende ngakhale mphindi imodzi. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kugwirizana ndi makochi onse awiri masewero asanayambe, kuti muziimba pokhapokha mwana wapindula ndi kulakwitsako, ndipo muyezo umenewo ukhale umodzi kumatimu onse kuyambira kota yoyamba mpaka yachinayi. Mukaimba, weramani pang'ono mumuuze mwanayo mwachidule kuti, “Wanyamula phazi usanagunditse mpira pansi,” kenako perekani mpira kwa timu inayo masewero apitirire.