Ndege imene ndinaionera osayang'ana kumwamba

Moni nonse kulikonse kumene mukundimvera. Ena muli pa shifiti ya usiku foni ili m'thumba la yunifolomu, ena muli mu minibasi ya ku Limbe, ena mukutsuka mbale. Ine ndili kuno ku South Bend m'chigawo cha Indiana, ndipo ndikujambula ndili m'galimoto panja chifukwa m'nyumba anthu agona kale. Mukamva kachiphokoso pang'ono, ndi hita, kunja kwazizira.

Sabata yatha achimwene ena amene amakhala ku Texas ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp. Akuti anaona pa YouTube ndege zing'onozing'ono zikupikisana m'kati mwa bwalo la mpikisano wa galimoto la Texas Motor Speedway, kufupi ndi Fort Worth, ndiye amafunsa kuti, “Achimwene, inu munapitako ku zoterezi. Ndi zoti munthu n'kusiyira shifiti, kapena n'kungotaya madola?” Ndinawayankha mwachidule kuti ndiyankha bwino pano, chifukwa funso limeneli ndinadzifunsapo ndekha kwa milungu itatu ndisanagule matikiti, ndipo yankho lake silikwana mu mphindi imodzi.

Choyamba ndinene zoona kuti musayambe kufufuza matikiti pachabe. Mpikisano umene munauonawo ndi Red Bull Air Race. Unayamba mu 2003, unaima kaye kwa zaka zitatu, n'kubwereranso mu 2014, ndipo unathera ku Chiba m'dziko la Japan mu Seputembala 2019. Pa zaka zomalizirazo ndi pamene anayamba kuulowetsa kwambiri m'mabwalo a galimoto: ku Texas, ku Las Vegas, ku Lausitz m'dziko la Germany, ndi kwathu kuno ku Indianapolis, kumene unabwera katatu, mu 2016, 2017 ndi 2018. Ine ndinapita wa pakatiwo, Lamlungu pa 15 Okutobala 2017.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito usiku kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo Lamlungu linali tsiku la ndalama, chifukwa anthu ambiri safuna kugwira ndiye mashifiti owonjezera amapezeka mosavuta. Mukudziwa mmene timawerengera ife. Tikiti ukaiona sumaona madola, umaona matumba a feteleza, umaona fizi ya mwana wa mchemwali wako. Okutobala ndi mwezi umene foni ya kumudzi siikhala chete, aliyense akukonzekera dzinja. Nditaphatikiza matikiti, mafuta ndi shifiti imene ndikanataya, mtima unakana. Amene anandigonjetsa ndi mwana wanga wamwamuna, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 9. Anaona chithunzi cha mpikisanowo ndipo sanalire kapena kukakamira ayi. Anangofunsa kuti, “Adadi, ndege imeneyi imalowa bwanji m'bwalo?” Ndinalibe yankho. Ine ndinakulira ku Lunzu, ndege za ku Chileka zinkadutsa pamwamba pa munda wathu, tinkasiya khasu n'kumaziloza mpaka zitabisika. Ndinazindikira kuti mwanayu ali pa msinkhu womwewo, ndipo ndege zimene akufunsazo zili pa mtunda wa maola osakwana atatu.

Tinanyamuka m'mamawa, ine, mwana ndi alamu anga amene amagwira ntchito m'fakitale ku Elkhart. Msewu wake ndi US 31, wolunjika kum'mwera kudutsa ku Kokomo. Mbali zonse ziwiri ndi minda ya chimanga chouma, ina atakolola kale, ina makina ali m'kati. Alamu anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pawindo, kenako anati munda umodzi wokhawo ukanadyetsa mudzi wonse wa kwawo ku Ntcheu mpaka chaka chamawa. Nkhani ya chimanga inatifikitsa ku Indianapolis osadziwa.

Bwalo lija, abale anga, ndi lalikulu moti maso amakana. Linamangidwa mu 1909, ndipo msewu wake wozungulira ndi wa makilomita 4. Mipando yake imapitirira 200,000. Tengani Bingu National Stadium ya ku Lilongwe, muichulukitse kasanu, mipando ikhala isanathebe. M'kati mwake muli misewu ina, nyumba yosungirako galimoto zakale, ngakhale mbali ina ya bwalo la gofu. Anthu amalitcha Brickyard chifukwa kale msewu wonse anauyala njerwa zoposa 3 miliyoni, ndipo mpaka lero anasiya kamzere ka njerwa pamalo omalizira, pamene opambana amagwada n'kupsompsona. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mpikisano woyamba weniweni pamalopo, mu Juni 1909, sunali wa galimoto. Unali wa zibaluni zouluka ndi anthu. Ndiye ndege sizinabwere ngati alendo kwenikweni.

Tsopano ndiyambe ndi zimene zingakukhumudwitseni, chifukwa ndikazibisa ndikhala ndakunamizani.

Mawu akuti mpikisano amakupatsa chithunzi cha ndege zisanu zikuthamangitsana, ina ikupitirira inzake ngati njinga za kabaza zikulimbirana kasitomala. Sizili choncho. Ndege imauluka imodzi yokha, ikulimbana ndi wotchi. Imatenga mphindi imodzi ndi masekondi ochepa, yatha, ikatera, mudikire ina. Akatswiri analipo 14, ankawaika awiriawiri, amene wachita nthawi yochepa n'kupitirira, kufika pa 8, kenako anayi omaliza. Mukaphatikiza nthawi yonse imene ndege zili m'mwamba zikupikisana, mupeza kuti tsiku lonse mwalipira kuti muone zosakwana ola limodzi. Nthawi ina yonseyo mwakhala pa benchi yachitsulo, ndipo tsiku limenelo kunali mphepo yozizira yolowa mpaka m'mafupa. Komanso kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri nthawi zambiri sikufika sekondi imodzi. Ndi maso okha simungadziwe amene akutsogola, mumadalira sikirini yaikulu ndi wolengeza pa zimkuzamawu, amene amalankhula mothamanga kwambiri. Alamu anga pofika masana anali atanena kale kawiri kuti pa TV zikanaoneka bwino, ali pa sofa ndi tiyi. Pa mbali ya kumvetsa amene wapambana, sanalakwe.

Ndipo chifukwa cha kukula kwa bwalo, khamu la anthu limaoneka ngati nyemba zochepa mu mphika waukulu. Phokoso la anthu limene mumalimva ku Kamuzu Stadium Bullets ikakumana ndi Wanderers, kumeneko musaliyembekezere.

Koma ndege yoyamba itanyamuka, zonsezi ndinaziiwala.

Apa ndi pamene bwalo la galimoto limaposa malo ena onse. Mpikisano womwewu pamene unkachitikira pamwamba pa nyanja kapena mtsinje, monga ku Abu Dhabi kapena ku Budapest, anthu ankaima m'mphepete, ndege inkachokera kwina n'kubwerera kwina. Ku Indianapolis ndege inkanyamukira m'kati mwa bwalo momwemo, pa msewu wa galimoto umene anausandutsa pokwerera, inu mukuiona kuyambira pamene ikuyamba kugudubuzika. Ndipo popeza mwakhala pamwamba pa masitepe, ikamadutsa simukweza mutu. Imadutsa patsogolo panu, molingana ndi maso anu. Ikapendekeka pokhota mumaona msana wa mapiko ake, mumaona chipewa cha woyendetsa m'kati mwa galasi. Moyo wanga wonse ndege ndinkaiona kumimba, kuchokera m'munda wa ku Lunzu. Tsiku limenelo ndinaiona kumsana.

Njira yake amaiika ndi mizati ya nsalu yopopedwa mpweya, yotalika mamita 25, yonenepa pansi n'kumaonda kumwamba. Pena amaimika iwiri ngati chipata, ndipo ndege iyenera kudutsa pakati mapiko atayalidwa molingana. Pena amandandalika itatu, ndege n'kumaizemba uku ndi uku ngati njoka. Liwiro lake limafika makilomita 370 pa ola, kutanthauza kuti kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ola silingakwane. Ikafika kumapeto imakwera molunjika kumwamba, n'kutembenuka chagada, n'kutsika kubwerera m'zipata zomwe zija, utsi woyera ukutsatira m'mbuyo kuti muone bwino mmene yadutsira. Pokhota pamenepo thupi la woyendetsa limalemera pafupifupi kakhumi. Bambo wa makilogalamu 80 amakhala ngati wasenzetsedwa matumba 16 a chimanga, magazi akufuna kuthawa kumutu, koma iye ayenera kulowetsa ndege pakati pa mizati iwiri popanda kukhudza.

Phokoso la injini silifanana ndi la ndege zikuluzikulu zimene timakwera popita kwathu. Ili ndi lokalipa, limabwera mwadzidzidzi, limagunda masitepe opanda anthu a tsidya lina n'kubwerera kwa inu, benchi n'kumanjenjemera pansi panu. Mwana wanga anagwira mkono wanga ndi manja onse awiri. Ndinkaganiza kuti waopa, koma nditamuyang'ana ndinaona kuti pakamwa pali pululu, maso sakuphethira.

Ndiye panafika nthawi imene phiko la ndege ina linakhudza mzati. Kunamveka kuphulika, nsonga ya mzati n'kung'ambika, nsalu n'kugwa pansi pang'onopang'ono. Mtima wanga unaima, ndinaganiza kuti taona ngozi. Ndege inangopitirira ngati palibe chachitika. Nsalu ya kumwambako anaipanga dala yopyapyala kuti izing'ambika m'malo mogwetsa ndege, ndipo chilango cha woyendetsa chinali masekondi atatu owonjezera pa nthawi yake, amene pa mpikisano umenewu anali okwanira kumutulutsa. Anyamata a pansi anathamanga, n'kuchotsa chigawo chong'ambikacho, n'kulumikiza china ndi zipi, n'kupopanso, mzati n'kudzuka pasanathe mphindi zochepa. Alamu anga, amene ndi munthu wa ntchito za manja, apa ndi pamene anaimirira. Kwa iwo anyamata amenewa ndiwo anali akatswiri a tsikulo, ndipo ulendo wonse wobwerera ankakamba za iwo.

Tsiku limeneli linalinso lomaliza pa mpikisano wa chaka chonse. Martin Šonka wa ku Czech Republic anabwera akutsogola pang'ono pa mapointi, Yoshihide Muroya wa ku Japan akumutsatira. Pofika pa anayi omaliza ndinali nditaphunzira kuwerenga sikirini, kudziwa kuti nambala yobiriwira ndiye kuti munthu ali patsogolo. Muroya anauluka mopanda cholakwa chilichonse, mu mphepo yomwe ija imene inkagwedeza mizati, ndipo anapambana mpikisano wa tsikulo pamodzi ndi ukatswiri wa dziko lonse, munthu woyamba wa ku Asia kuchita zimenezi. Chaka chomwecho mu Meyi, pa bwalo lomwelo, Takuma Sato, wa ku Japan komweko, anali atapambana mpikisano wa galimoto wa Indy 500. Pafupi ndi ife panali banja lina la ku Japan, mayi wachikulire atanyamula kambendera kakang'ono. Mayiyo analira. Ine ndinamumvetsa bwino kwambiri. Aliyense amene wakhala zaka m'dziko la eni ake akudziwa chimene chimachitika mu mtima dzina la kwanu likatchulidwa pa zimkuzamawu, anthu n'kuwomba m'manja.

Ndiye achimwene a ku Texas, yankho langa ndi ili. Ngati mukufuna kuona ndege zikuthamangitsana zambiri nthawi imodzi, umenewo ndi mpikisano wina, umene unkachitika ku Reno m'chigawo cha Nevada kuyambira 1964 mpaka 2023, ndipo tsopano anausamutsira ku Roswell ku New Mexico. Umenewo ndi wa pa bwalo la ndege m'chipululu, ndege zimazungulira kutali, ndipo uli ndi mbiri yowawa, chifukwa mu 2011 ndege ina inagwera pafupi ndi anthu oonerera n'kupha anthu 11. Koma zikadzamveka kuti mpikisano wa mizati uja wabwereranso m'bwalo la galimoto pafupi ndi kwanu, siyani shifiti imodzi mupite, ndipo mutenge mwana. Mugule mpando wa pamwamba, chifukwa pansi mipanda ya waya imatchinga ndipo mumataya chinthu chenicheni chimene mwabwerera. Mutenge jekete lolemera, kabulangete koyala pa benchi, ndi zotseka m'makutu za mwana. Chakudya cha m'katimo n'chodula, ife tinadya mpunga ndi nkhuku yathu m'galimoto tisanalowe. Ndipo mupite tsiku lomaliza, pamene munthu akalakwitsa ndiye kuti watuluka.

Anzanga awiri a kutchalitchi amene ndinawaitana chaka chimenecho anati adzapita chaka chamawa. Mu 2018, pamene Michael Goulian wa kuno ku America anapambana, analinso pa ntchito. Mu 2019 mpikisano sunabwerenso ku Indianapolis.

Pobwerera mwana anagona tisanafike n'komwe ku Kokomo, tikiti ili m'manja. M'mawa mwake asanapite kusukulu anati tiwaimbire agogo ake ku Lunzu. Chichewa chake n'chopunduka, koma anayesetsa. Anati, “Agogo, ndaona ndege, koma sindinayang'ane kumwamba.” Amayi anga anakhala kaye chete, kenako anafunsa kuti, “Nanga iwe unali kuti, mwana wanga, pa mtengo?” Anawafotokozera kwa mphindi khumi, akupendeketsa dzanja kutsogolo kwa foni kuti awaonetse mmene inkakhotera, mpaka basi ya sukulu inaima panja.

Nthawi yatha, ndiyenera kukagona pang'ono ndisanapite ku ntchito. Amene munapitako ku Texas kapena ku Las Vegas, nditumizireni mawu mundiuze mmene zinalili kumeneko, ndidzawaulutsa sabata yamawa. Tsalani bwino.