Bwanji wosauka amalima chaka ndi chaka koma osatukuka?

Moni nonse amene mukuonera. Lero tiyambire pa thumba la chimanga.

Mu Meyi ndi Juni, anthu akangokolola, chimanga chimatsika mtengo poti aliyense akugulitsa. Mlimi wosauka sangadikire. Pakhomo pakufunika sopo, mchere, yunifolomu ya mwana, komanso mwini ngongole wayamba kuzungulira. Basi, amagulitsa kwa mavenda. Pofika Januwale nkhokwe yauma, ndiye amakagula chimanga chomwe chija pamtengo wokwera, zaka zina wowirikiza kawiri. Phindu lapita kwa uja anali ndi ndalama zogulira ndi posungira, amene khasu sanaligwire n'komwe.

Nanga yogulira aipeza kuti? Kuganyu. Apa mvetsetsani bwino, chifukwa nyengo ya ganyu ndi yomweyonso yopalira ndi kubandira. Munthu ali kalikiliki m'munda mwa mnzake wopeza bwino kuti alandire kambale ka ufa, kwake udzu ukupikisana ndi chimanga. Zokolola zake zichepa, za mwini ganyu zichuluka. Ganyu akasowa kwatsala katapila: wakongola thumba limodzi, pokolola ubweza awiri. Chimanga chisanache n'komwe, chili kale ndi mwini wake.

Ena amati ndi ulesi. Ine ndimakana. Waulesi wake uti wolima minda iwiri ali ndi njala?

Funso lina n'lakuti, bwanji munda wakewo ndi wochepa chonchi? Tipite ku Thyolo ndi ku Mulanje. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anapereka kwa azungu zikalata zowatsimikizira umwini wa malo aakulu m'chigawo cha kummwera. Anthu okhala pamalowo ankalipira lendi pogwira ntchito, ija inkatchedwa thangata, imodzi mwa nkhanza zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Thangata anatha, ufulu unabwera mu 1964, koma minda ya tiyi idakali pamalo achonde omwewo. M'midzi yozungulira anthu achulukana, ndipo kamunda ka agogo kagawidwa kwa ana, kenako kwa zidzukulu, mpaka mabanja ambiri alibe ndi hekitala imodzi yomwe.

Mwina mukuti sukulu ndiye ingawombole mwanayo. Pulayimale ndi yaulere kuchokera mu 1994, zoonadi. Koma mu Febuluwale mwana wa m'banja lotere amajomba kuti akathandize makolo kuganyu, kapena amalowa m'kalasi m'mimba mulibe kanthu. Mayeso a Sitandade 8 adzalemba pepala limodzimodzi ndi mwana wa mwini ganyu uja, pomwe malo a kusekondale ndi ochepa.