Moyo wa ku Seoul: kodi asilikali akunja ankafunikadi pa nkhondo ya Korea?

Moni abale ndi alongo kwathuko, a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Limbe. Ndikukulankhulani kuchokera ku Seoul, likulu la South Korea. Bambo wina wa ku Zingwangwa watumiza funso pa WhatsApp: asilikali a America amene adakali kuno anabwera kudzathandiza kapena kudzasokoneza?

Choyamba mudziwe kuti kuchoka pa Seoul kukafika kumalire ndi North Korea ndi makilomita pafupifupi 50, sikufika n'komwe mtunda wa Blantyre ndi Zomba. N'chifukwa chake masiteshoni a sitima zapansi panthaka ndi malonso obisalako, ndipo mnyamata aliyense wathanzi amakatumikira ku usilikali miyezi 18 kapena kuposerapo.

Dziko la Korea linagawidwa mu 1945 Japan itagonja, Soviet Union kumpoto, America kumwera. Pa 25 June 1950 asilikali akumpoto anawoloka malire ndi akasinja opangidwa ku Soviet Union, pomwe akumwera analibe kasinja ndi mmodzi yemwe. Masiku atatu okha, Seoul inagwa. Pofika August, chotsala chinali kangodya kozungulira doko la Busan. Apa ine sindizengereza: pakanapanda thandizo lakunja, South Korea ikanatha chaka chomwecho. Mayiko 16 anatumiza ankhondo pansi pa United Nations. Ethiopia inatumiza asilikali oyenda pansi, South Africa oyendetsa ndege, ndipo ku Chuncheon kuli nyumba yokumbukira Aitiyopiya aja. Pa 15 September General MacArthur wa ku America, mtsogoleri wa ankhondo a United Nations, anatsitsa asilikali pagombe la Incheon, kumbuyo kwa adani, n'kudula njira zodzera chakudya ndi zipolopolo. Mwezi usanathe, Seoul inabwerera.

Pamenepo ntchito imene asilikali akunjawo anadzera inali itatha, ndipo m'pamene zinalakwika. Mu October anawoloka kulowa kumpoto, kulinga ku mtsinje wa Yalu, malire a China. China inali itachenjeza kudzera kwa kazembe wa India kuti sidzangoonerera, koma chenjezolo analinyozera. Asilikali anamwazikana m'misewu yopapatiza ya m'mapiri, kutali ndi katundu wawo, m'nyengo yozizira koopsa. Achina anawatsekera kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mu January 1951 Seoul inagwanso. Ankhondo a United Nations anailandanso mu March.

Zokambirana zinayamba July 1951 n'kutenga zaka ziwiri, makamaka polimbana ngati akaidi ankhondo abwezedwe kwawo mokakamiza kapena asankhe okha. Nthawi yonseyo mabomba ankagwa pa mizinda yakumpoto, anyamata ankafera mapiri omweomwewo. Pa 27 July 1953 anasaina pangano loleka kuwomberana ku Panmunjom, malire ali pafupi ndi pomwe analili poyamba, anthu mamiliyoni atafa. South Korea sinasaine nawo, ndipo pangano la mtendere palibe mpaka lero.

Choncho bambo, kuteteza kumwera kunali kofunika, koma kuthamangira ku Yalu kunawonjezera maliro a zaka zina zoposa ziwiri ndi theka. Pakati pa mayiko awiriwa tsopano pali chigawo cha makilomita 4 m'lifupi ndi pafupifupi 250 m'litali, chodzaza mabomba okwirira, ndipo asilikali a America pafupifupi 28,500 adakali kuno. Mabanja olekanitsidwa anaonana komaliza mu 2018 ku phiri la Kumgang.

Amene mukubwera kudzaphunzira kuno n'kufuna kukaona malirewo, musasiye pasipoti kunyumba, popanda iyo amakubwezani pachipata. Tsalani bwino.