Alamu, musanalumikize Outlander ija ku magetsi

Alamu, mwaswera bwanji ku Kasunguko? Mvetserani kaye musanalowetse chingwe chotchajira galimoto ija, Outlander yoyendera petulo ndi batire, m'soketi ya pakhonde.

Kabokosi kakuda kali pakati pa chingwe kaja ambiri amati ndiye tchaja, koma ayi. Tchaja yeniyeni ili m'galimoto momwemo. A ESCOM amatipatsa magetsi a AC, 230 volts, pomwe batire imadya DC, ndiye makina a m'katimo ndi amene amasintha. Kabokosiko kamangouza galimoto kuti ikoke magetsi ochuluka bwanji, n'kudula pakakhala vuto. Makampani ena anachita kuphatikiza zonse: Renault Zoe, galimoto ina ya magetsi, imatchaja pogwiritsa ntchito mawaya a mota yake yomwe, ndipo earth (waya wachitetezo wopita m'dothi) ikakhala yofooka imakaniratu kutchaja. Ndiye inu mbali yanu ndi soketi, waya ndi earth. Pamenepo ndi pamene anthu amawotchera nyumba.

Tembenuzani kabokosiko muwerenge zolembedwa kumsana. Galimoto za ku Japan zimabwera ndi chingwe cha 100 volts kapena 200 volts. Cha 100 chibwezereni m'buti, kuno sichigwira. Cha 200 chimakoka 15 amps, pamene pulagi yathu ya mano atatu fyuzi yake imalekeza pa 13. Anyamata a kumsika akuuzani kuti adule pulagi ya ku Japan aikepo yathu. Chonde alamu, musalole. Gulani chingwe cha 230 volts chokoka 10 amps, mutu wake ukhale Type 1, wa timabowo tisanu. Pagalimotopo, khomo lalikulu lili pambali pa polowetsa mutuwo ndi CHAdeMO, la makina otchaja mwachangu, pakhomo mulibe nalo ntchito.

Itanani wa magetsi wa setifiketi akukokereni waya wake wake kuchokera pa DB, bokosi logawa magetsi m'nyumba lija, wokhala ndi breaker yakeyake, ayezenso earth ndi mita yake, osangoona ndi maso. Dothi likauma gwa mu Okutobala earth imafooka, n'chifukwa chake ndikulimbikira pamenepa. Extension ija mumalumikizira fuliji ndi wailesi isayandikire n'komwe.

Batire ya Outlander zoyambirira, za 2013 zija, ndi 12 kWh. Ikatheratu mudikira maola asanu kapena kupyolako pang'ono, ndipo mita idya mayunitsi osapitirira 12 kwenikweni. Gulirani tokeni, ingakutherereni pakati pa usiku.

Tsiku loyamba, pakatha theka la ola, kagwireni pulagi ndi dzanja. Kufunda pang'ono palibe kanthu. Koma ikamaotcha, kapena mukamva fungo la pulasitiki yopsa, kapena soketi ikayamba kuda m'mbali mwa timabowo, zimitsani pomwepo mundiimbire.

Mababu akamachita phethiphethi, kapena mvula ya ziphaliwali ikamabwera, zulani chingwe. Jenereta yaing'ono ya ku golosale ija musayese. Magetsi akathima tsiku lonse, pali batani lolembedwa CHARGE pafupi ndi giya, injini imadzaza batire yokha, kungoti petulo amapita ndithu.

Chinanso, ikadzangoti zii osatchaja, musathamangire kuganiza kuti batire yaikulu yafa. Yambani mwayezetsa kabatire ka 12 volts kali kumbuyo m'buti, kakafooka makompyuta a galimoto sadzuka. Mawaya a mtundu wa olenji a m'galimotomo asawagwire munthu wosaphunzira ntchito yake, muli magetsi okwana 300 volts.

Jambulani kumsana kwa kabokosiko munditumizire pa WhatsApp ndione kaye. Mupereke moni kwa achemwali.