Adimini wa gulu: samani ikabwera, ilembedwa dzina la ndani?

[Pa sikirini: foni ikulira usiku, mauthenga akungolowa]

Mwina munangokhala adimini chifukwa ndinu amene munatsegula gulu la pa WhatsApp kapena Facebook. Simulandira kanthu. Mumachotsa otukwana, mumakumbutsa anthu malamulo, mwinanso mumasunga ndalama zosonkha. Ndiye tsiku lina membala alembe bodza loipitsa mbiri ya munthu, munthuyo n'kupita kukhoti. Wokayankha ndani?

Nkhani yagona apa. Bungwe lolembetsedwa m'kaundula wa boma lili ndi dzina lakelake pamaso pa malamulo, ndipo limasumiridwa palokha. Gulu losalembetsedwa lilibe chishango chimenecho. Loya wa wodandaula amasaka munthu woti amuloze chala, ndipo woonekera msanga ndi uja ali ndi mphamvu yofufuta uthenga.

[Pa sikirini: mapu a dziko lonse]

Makhoti sayankhula chimodzi. Ku America, Section 230 ya lamulo la 1996 imati munthu asatengedwe ngati wofalitsa zomwe walemba wina pa intaneti. Ku India, mu 2021, Khoti Lalikulu la Bombay linagamula kuti adimini wa WhatsApp alibe mlandu pa zolemba za membala, pokhapokha patakhala umboni woti anapangana. Koma chaka chomwecho ku Australia, pa mlandu wa Dylan Voller, khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linati makampani a nkhani ndi ofalitsa a zomwe anthu ena analemba pamasamba awo a Facebook.

Mlandu womwe ine ndimauona wodetsa nkhawa ndi wa Julien Sanchez, wandale wa ku France. Mawu achidani onyoza Asilamu sanalembe iyeyo, analemba otsatira ake pakhoma lake la Facebook nthawi ya kampeni mu 2011. Iye anangowasiya pamenepo kwa milungu ingapo. Anamulipiritsa mayuro 3,000, ndipo mu 2023 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linati chilangocho sichinamuphwanyire ufulu wolankhula. Zoona, oweruza anaganiziranso zoti ndi wandale, sikuti adimini aliyense angamuweruze choncho. Komabe taonani chomwe chinamugwetsa: kulekerera. N'chifukwa chake munthu akakudandaulirani za uthenga, musadikire msonkhano wa komiti wa sabata yamawa. Uchotseni kaye, sungani chithunzi chake, lembani tsiku ndi nthawi. Kukambirana kubwere pambuyo.

Ndalama zikalowapo, zinthu zimavutiratu. Zosonkha zikakhala mu akaunti ya dzina lanu, zikasowa wofunsidwa ndinu, ngakhale ogwirizana zozigwiritsa ntchito anali anthu khumi. Gulu likafika pamenepa, kukaonana ndi loya za kulilembetsa sikutaya nthawi ayi.

[Pa sikirini: mawu akuti Ooki DAO]

Nanga mamembala wamba amene amangoponya voti pa zochita za gulu? Mu 2022, bungwe la boma la America loyang'anira misika ina ya zachuma, la CFTC, linasumira Ooki DAO, gulu la pa intaneti loyendetsa malonda a crypto (ndalama za pa intaneti), lopanda ofesi, lopanda bwana. CFTC inati aliyense amene anavotapo ndi ma token ake (ndalama za crypto za gululo zopatsa mwini wake mphamvu yovota) ndi membala wa gulu losalembetsedwalo. Samani anaitumiza kudzera m'kabokosi kofunsira thandizo ka pawebusayiti yawo. Gululo silinayankhe, ndipo mu 2023 woweruza analamula kuti lilipire madola 643,542 komanso kuti webusayitiyo itsekedwe.