Galu akamatsimphina mwendo wam'mbuyo: bondo lake ndi zomwe mumaika m'mbale yake

[Chithunzi: Galu wamkulu akutsika masitepe a pakhonde. Mwendo umodzi wam'mbuyo ukungogunda pansi ndi zala zokha.]

Moni nonse oweta agalu, kaya muli ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Namiwawa kapena ku Chirimba. Taonani mmene galu uyu akutsikira masitepe. Miyendo itatu ikugwira ntchito, wachinayi akungouyendetsa mwaulemu, osaupondera. Pakhomo pambiri akaona zotere amati wagendedwa ndi ana apanjira, kapena wabayidwa ndi minga, apola yekha. Nthawi zina zimakhaladi choncho, n'chifukwa chake muziyamba mwayang'ana kuphazi: minga, galasi losweka, chikhadabo chothyoka. Koma phazi likakhala bwinobwino, masiku awiri atatu n'kudutsa galu akutsimphinabe, maganizo anu apite pa bondo. Ndipo lero ndikufuna muone kuti bondo la galu limayamba kuwonongekera m'mbale yomwe amadyera, miyezi yambiri asanayambe kutsimphina.

[Chithunzi: Chojambula cha mkati mwa bondo la galu.]

Mkati mwa bondo muli mitsempha iwiri yolimba yopingasana, yomwe imamanga fupa la ntchafu ku fupa la m'munsi. Wakutsogolo, umene madokotala a ziweto amautcha cranial cruciate ligament, ndi womwe umaletsa fupa la m'munsi kuterereka kupita kutsogolo galu akaponda. Okonda mpira mumaudziwa mtsempha umenewu, ndi uja amati ACL, umene umagoneka osewera chaka chathunthu. Kwa wosewera mpira umaduka kamodzi, pa ngozi. Kwa agalu ambiri sizitero. Umatha pang'onopang'ono ngati chingwe cha pachitsime, ulusi umodziumodzi, mpaka tsiku lina galu angolumpha ngalande kapena kutembenuka mwachangu pothamangitsa mphaka, n'kumalizika. Mwini wake amaloza tsiku limenelo, chonsecho vuto linayamba kale.

Agalu omwe amavutika kwambiri ndi aakulu olemera, amene ambiri timawakonda pa nkhani ya chitetezo: Rottweiler, Labrador, Boerboel ndi ena amtundu umenewo. Kubadwa kwa galu simungakusinthe. Kulemera kwake mungathe. Ndipo dziwani kuti mwa agalu amene aduka mtsempha mwendo umodzi, ochuluka ndithu, kufika pafupifupi theka, amadzadukanso mwendo winawo pasanathe zaka ziwiri.

Mungazindikire bwanji kunyumba? Muuzeni galu akhale pansi, muyang'ane. Galu wabwinobwino amapinda miyendo yonse iwiri mofanana pansi pa thupi. Wovulala bondo amauponya mwendowo pambali chifukwa kuupinda kumamuwawa. Gwirani maondo onse awiri nthawi imodzi, dzanja lina uku lina uku, mufananize. Bondo lomwe lakhala likuvuta kwa nthawi limakhala ndi chotupa cholimba chakumkati, ndipo ntchafu ya mwendo umenewo imakhala yaphwa poyerekeza ndi inzake. Mukamva kaphokoso koti "tha, tha" galu akamayenda, mwina kachichereŵechereŵe ka pakati pa mafupa, kotchedwa meniscus, nako kang'ambika, ndipo pamenepo ululu umakhala waukulu. M'mawa wozizira wa chiperoni mu Juni ndi Julayi, galu wotere amadzuka movutikira kwambiri.

Agalu aang'ono monga Maltese, Pomeranian ndi Chihuahua ali ndi vuto lawolawo. Kafupa ka patsogolo pa bondo kamachoka m'njira yake. Galu amathamanga, n'kunyamula mwendo masitepe awiri atatu ngati akudumpha, kenako n'kuuwongola, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Madokotala amaligawa vutoli m'magawo anayi. Gawo 1, ndipo kawirikawiri gawo 2, galu amatha kukhala nalo bola asanenepe. Gawo 3 ndi 4 nthawi zambiri pamafunika opaleshoni.

[Chithunzi: Dzanja likutsegula kabati, likutenga paketi ya mapiritsi.]

Apa ndiye ndichonderere. Musam'patse galu Brufen, diclofenac kapena Indocid. Ndikudziwa kuti mumachita chifukwa cha chisoni, galu akulira usiku ndipo mankhwala ali pomwepo m'kabati. Koma mankhwala amenewa amaboola zilonda m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ngakhale pa mlingo womwe kwa munthu ndi wochepa. Panado nayenso si wongopereka mwamaganizo anu, chifukwa mlingo ukapitirira amawononga chiwindi, ndipo kwa mphaka ndiye ndi imfa. Alipo mankhwala opha ululu opangidwira agalu, monga carprofen ndi meloxicam, ndipo mlingo wake amawerengera ndi a vetenale atam'kweza galuyo pasikelo.

Chomwe mungachite nokha ndi kumuletsa kuthamanga. Mutsekereni m'chipinda kapena m'khola louma, azituluka pa chingwe kukadzithandiza basi. Usiku asamasulidwe kuti azizungulira mpanda, mlonda wanu mumuuze zimenezi momveka bwino. Ngati m'nyumba muli matailosi oterera, yalani mphasa kapena kapeti wakale pomwe amadutsa. Kenako pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Muno mu Blantyre muli ofesi za boma za vetenale, zipatala za ziweto zoyima pazokha, komanso bungwe loteteza nyama ku nkhanza la BSPCA. Dokotala amagwira fupa la ntchafu ndi dzanja limodzi, la m'munsi ndi dzanja lina, n'kuyesa kulikankhira kutsogolo. Likaterereka, mtsempha waduka. Galu wamkulu wolimbalimba amayamba wabayidwa jakisoni wom'goneka, ndipo X-ray imathandiza kuona kutupa ndi nyamakazi yomwe yayamba.

Chithandizo chimatengera kwambiri kulemera kwa galu. Agalu ambiri osapitirira makilogalamu 15 amatha kuyambanso kuyenda bwino popanda opaleshoni, ngati apumitsidwa mosanyengerera kwa masabata 6 mpaka 8 kapena kupitirira, akumwa mankhwala oyenera ndi kuchepetsedwa thupi. Mtsemphawo sulumikizananso ayi, koma thupi limamanga minofu yolimba kuzungulira bondo. Kwa galu wa makilogalamu 35 kapena 50, kupuma kokha kawirikawiri sikukwanira. Pali opaleshoni yomanga bondo ndi ulusi wolimba chakunja kwake, yomwe ndi yosavuta kwambiri komanso yotsikirako mtengo. Palinso ina yotchedwa TPLO, imene anayambitsa dokotala wa ku America, Barclay Slocum, mu 1993. Amadula mutu wa fupa la m'munsi, kuutembenuza pang'ono, n'kuumanga ndi chitsulo kuti bondo lisamatererekenso ngakhale mtsempha palibe. Imafuna zipangizo ndi luso lapadera, choncho funsani dokotala wanu kuti chotheka n'chiti kwa galu wanu ndi thumba lanu. Opaleshoni iliyonse ikachitika, ntchito yaikulu imatsalira inu: miyezi iwiri kapena itatu ya kuyenda naye pa chingwe, pang'onopang'ono, pamalo athyathyathya. Kwa ife okhala m'mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, malo athyathyathya amachita kufunafuna, koma afunefuneni ndithu. Masitepe ndi zitunda zidikire.

[Chithunzi: Mbale ziwiri. Ina muli nsima ya gaga yokha, ina yadzaza chakudya cha m'thumba ndi makombo a nyama pamwamba.]

Tsopano tibwere ku mbale. Mu mzinda muno agalu amavutika mbali ziwiri. Pali galu amene moyo wake wonse amadya nsima ya gaga ndi madzi otsukira mpoto. Mimba imadzaza, koma mapuloteni omangira minofu ndi kashiamu wa mafupa mulibe okwanira. Ntchafu zimakhala zoonda, ndipo minofu ya ntchafu ndi imene imathandiza kugwira bondo. Ndiye pali galu wa kumpanda, amene amadya chakudya chogula, kuwonjezera makombo a patebulo, ana n'kumam'ponyeranso mandasi ndi buledi, koma sayenda, amangogona pakhonde. Alendo akabwera amati, "Koma ndiye mukumusamala bwanji!" Ineyo ndikaona galu wotere ndimamvera chisoni maondo ake, chifukwa kilogalamu iliyonse yowonjezera imatsamira pa kamtsempha kaja nthawi iliyonse akaponda.

Pa nkhaniyi pali kafukufuku wodziwika bwino amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anatenga agalu 48 amtundu wa Labrador, n'kuwagawa awiriawiri a mimba imodzi. Pa awiri alionse, mmodzi ankapatsidwa chakudya chochepa ndi 25 peresenti poyerekeza ndi m'bale wake, kwa moyo wonse. Odya mochepa aja anakhala ndi moyo wotalikirapo ndi pafupifupi zaka ziwiri, ndipo nyamakazi inawapeza mochedwa.

Yesani galu wanu pompano. Yendetsani manja m'mbali mwa chifuwa chake. Nthiti zizimveka mosavuta popanda kudinikiza, koma zisamaoneke zonse muli patali. Mukamuyang'ana kuchokera pamwamba, chiuno chizioneka chitalowa mkati kuseri kwa nthiti. Ngati mukuchita kufufuza nthiti ndi zala, chepetsani chakudya, ndipo muzipima ndi kapu imodzi yomweyo tsiku lililonse. Munthu mmodzi yekha pakhomo ndiye azidyetsa, chifukwa agalu ambiri amanenepa podya kawiri, kwa amayi ndi kwa wantchito, aliyense akuganiza kuti mnzake sanapereke.

[Chithunzi: Kamera ikuyandikira kumbuyo kwa thumba la chakudya cha agalu.]

Mukaima m'sitolo ku Chichiri kapena ku Limbe, musakopeke ndi chithunzi cha nyama yowotcha chakutsogolo kwa thumba. Litembenuzeni. Fufuzani mawu oti "complete", kutanthauza kuti galu akhoza kudalira chakudyacho pachokha. Akalemba "complementary", chimenecho ndi chowonjezera chabe. Onani msinkhu womwe chapangidwira. Bungwe la ku America la AAFCO, lomwe miyezo yake makampani ambiri amatsatira, limati chakudya cha galu wamkulu chikhale ndi mapuloteni osachepera 18 peresenti ndi mafuta 5.5 peresenti, pamene cha ana agalu ndi agalu oyamwitsa chikhale ndi mapuloteni 22.5 peresenti ndi mafuta 8.5 peresenti, powerengera madzi atachotsedwa. Chakudya chouma chimakhala ndi madzi pafupifupi 10 peresenti okha, ndiye manambala a pathumba asatalikire pamenepo. Cha m'chitini chimakhala ndi madzi ambiri, n'chifukwa chake nambala yake ya mapuloteni imaoneka yaing'ono. Zopangira amazilemba kuyambira cholemera kwambiri, ndiye mukaona nkhuku, ng'ombe kapena nsomba zatchulidwa ndi dzina koyambirira, ndi chizindikiro chabwino. Chimanga kapena mpunga m'chakudya cha galu si choipa, agalu amagaya bwino zikaphikidwa, bola zisakhale zokhazokha. Matumba ochokera ku South Africa amakhala ndi nambala yoyamba ndi V, yosonyeza kuti chakudyacho chinalembetsedwa pansi pa lamulo la kumeneko la Act 36 la 1947.

Amene muli ndi ana a Boerboel kapena Rottweiler, gulani cholembedwa kuti ndi cha ana agalu amtundu waukulu, ndipo musawonjezere mapiritsi a kashiamu pamwamba pake. Kagalu kamtundu waukulu kakamakula mothamanga, kapena kakalandira kashiamu wopitirira, mafupa ndi mfundo zake zimakula molakwika. Kadzakula n'kufika msinkhu wa chibadwa chake, musakathamangitse.

Chinthu china chomwe chimandidetsa nkhawa ndi chuku. Chimanga, gaga ndi mtedza zikasungidwa pachinyezi zimamera chuku chotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo agalu sapirira naye. Kuphika sikumupha poizoni ameneyu. Mu 2011, agalu oposa 200 anafa m'chigawo cha Gauteng ku South Africa atadya chakudya cha m'matumba chomwe chinali naye. Ndiye chimanga chowola chomwe mwachisankha kuti anthu asadye, musachigayitse kuti chikhale cha galu. Chakudya chogulitsidwa chopimidwa m'majumbo, chopanda dzina ndi tsiku lothera ntchito, chisiyeni. Thumba mukalitsegula, litsekeni bwino, muliike m'chidebe chovundikira, pamalo okwera, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo. Likayamba kununkha chinyezi, tayani.

Si aliyense angakwanitse thumba mwezi uliwonse, ndipo palibe chochititsa manyazi kuphikira galu. Nsima ya gaga wabwino, wouma, ikhale maziko chabe. Onjezerani usipa kapena bonya wophika wopanda mchere wambiri, chifukwa nsomba zing'onozing'onozi zimadyedwa ndi minga yake yomwe, ndiye zimapereka mapuloteni ndi kashiamu nthawi imodzi. Zam'kati za ng'ombe kapena mbuzi zophika, dzira lowiritsa, maungu pang'ono ndi masamba ophika zimathandizanso. Chiwindi chikhale chochepa, osati tsiku lililonse. Ndiwo zotsala patebulo zokazingira anyezi ndi adyo musam'patse, chifukwa anyezi amawononga magazi a galu. Chokoleti ndi mphesa nazonso ndi poizoni kwa iye. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka n'kubaya matumbo.

Mukamasintha chakudya, kaya kuchoka ku chophika kupita ku cha m'thumba kapena kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina, sakanizani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kuti asatsegule m'mimba. Galu amene bondo lavulala kale, a vetenale angakulangizeni za mafuta a nsomba okhala ndi omega-3, omwe amathandizako kuchepetsa kutupa kwa mfundo. Ndipo pa masabata omwe ali m'khola akupuma, muchepetsereni chakudya, chifukwa sakuthamanga ndipo mwendo wabwino uja ndi umene ukusenza thupi lonse. Mukamapita naye kokaonedwanso, pemphani kuti am'kweze pasikelo, mulembe kulemera kwake m'kabuku kake ka katemera.