Kuika Debian pa Makompyuta Ambiri Kudzera pa Netiweki

Moni nonse amene mumasamalira makompyuta m'masukulu ndi m'maofesi. Lero ndikufotokozerani mmene mungaikire Debian, pulogalamu ya Linux yoyendetsera kompyuta, pa makompyuta ofanana okwana 30 kapena 40 popanda kuzungulira ndi flash pa iliyonse n'kumayankha mafunso omwewo tsiku lonse. Njira yake imatchedwa PXE, ndipo inakonzedwa ndi kampani ya Intel chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kompyuta ikangoyaka imapempha adiresi pa netiweki, imauzidwa kumene kuli fayilo yoyambira, kenako imakatenga yokha.

Choyamba, patulani kompyuta imodzi kuti ikhale seva, ndipo zina zonse muzilumikize nayo ndi nthambo pa switch (kabokosi kolumikizira makompyuta) imodzi, osati pa Wi-Fi. Pa sevayo ikani pulogalamu ya dnsmasq, chifukwa imagwira ntchito ziwiri: kugawa maadiresi mwa DHCP ndi kutumiza mafayilo mwa TFTP. Ngati router yanu imagawa kale maadiresi, musailimbanitse ndi seva ayi. Ikani dnsmasq pa proxy kuti izingonena za fayilo yoyambira basi. Mukatero tsitsani netboot.tar.gz ya Debian n'kuimasulira m'foda ya TFTP. Makompyuta akale a BIOS (pulogalamu ya m'kati yoyatsira kompyuta) amafuna pxelinux.0, pomwe a UEFI, yomwe inalowa m'malo mwa BIOS, amafuna bootnetx64.efi.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa ntchito yeniyeni yagona pa fayilo ya preseed. M'menemo mumalemberatu mayankho onse amene mukanapereka mutakhala pa mpando: chinenero, mtundu wa kiyibodi, nthawi ya Africa/Blantyre, dzina la wogwiritsa ntchito, kagawidwe ka hard disk ndi mapulogalamu ofunika. Fayiloyi muiike pa seva yomweyo kuti izipezeka mwa HTTP, ndipo pa mzere woyambitsira muwonjezere auto=true, priority=critical ndi adiresi yake. Mawu achinsinsi musawalembe poyera, lembani obisa kale, popeza aliyense amene ali pa netiwekiyo angathe kutsegula fayiloyo n'kuwerenga. Onetsetsaninso dzina la disk, chifukwa makompyuta ooneka ofanana kunja nthawi zina amasiyana m'kati: ina disk yake ndi /dev/sda, ina ndi /dev/nvme0n1, ndipo mukalemba dzina lolakwika ntchito imaima panjira.

Ine ndikukupemphani kwambiri kuti musayatse onse nthawi imodzi musanayese. Tengani kompyuta imodzi yopanda kanthu kofunika, muiyatse, manja muwachotse pa kiyibodi, muone ngati ikumaliza yokha mpaka kufika pofunsa dzina ndi mawu achinsinsi olowera mu Debian. Ikaima n'kuonetsa funso pa sikirini yabuluu ija, lembani funsolo, muwonjezere yankho lake mu preseed, muyambirenso. Chifukwa chake n'chakuti njirayi siifunsa kawiri: imafufuta zonse za pa disk, ndipo cholakwika chimodzi cha m'fayilomo chidzalowa m'makompyuta onse 40. Laputopu ya munthu wina isapezeke pa switch imeneyo pa tsikulo.

Pali nkhani ya ndalama za intaneti. Makompyuta onsewo akamatsitsa aliyense payekha, bandulo idzatha musanafike pakati. Ikani pa seva apt-cacher-ng, pulogalamu yosunga zimene zatsitsidwa, yomwe imagwiritsa ntchito port 3142, n'kuilemba mu preseed; kompyuta yoyamba ikatsitsa, zinazo zidzangotenga pa seva. Seva ndi switch zikhalenso pa UPS (batire losunga magetsi), chifukwa magetsi angazime ntchito ili m'kati.

Kuti kompyuta iliyonse ikhale ndi dzina lakelake, lembani nambala ya MAC (nambala yozindikiritsa kompyuta pa netiweki) ya iliyonse mu dnsmasq pamodzi ndi dzina lomwe mwaipatsa; izi zimatheka ngati dnsmasq ndi imene ikugawa maadiresi, osati ikakhala pa proxy. Mu BIOS siyani hard disk pamalo oyamba, ndipo poyambitsa pa netiweki gwiritsani ntchito batani losankhira, lomwe pa makompyuta ambiri a Dell ndi Lenovo ndi F12. Mukasiya netiweki patsogolo, kompyuta ikamaliza idzayakanso n'kuyamba kudzifufuta kachiwiri. Zonse zikatha, zimitsani PXE pa seva mpaka tsiku limene mudzaifunenso.